A Mbewe, Tikubwerera Kunyanja Yamchere

Malemu Jailosi Mbewe, wa ku Chiosya, Mchinji

Mwezi uno zakwana zaka zinayi chitisiyireni, bambo a Ruth. Ana amafuna kuti pamwambapa paikidwe chithunzi chanu cha suti, chija munajambulitsa pa ukwati wa Stefano mutauma gwa ngati chitsa. Ine ndakana. Ndaikitsa ichi cha thalauza yonyowa mpaka m'chiuno, chipewa chili m'manja, mano onse ali panja. Amene sichinamusangalatse abwere andipeze kunyumba, njira akuidziwa.

Ndili ndi nkhani yabwino, ndiye sindizungulira. Tikubwerera kunyanja yamchere, ku Mozambique kuja, kwawo kwa mpongozi wathu Rozi, mkazi wa Stefano. Fodya tagulitsa, mtedza uli m'matumba, sukulu atsekera. Chikwama changa ndinamanga kalekale, chili pakhomo la kuchipinda, ndikungopunthwa nacho. Adzukulu sakugona tulo, ndipo ine nkhalambane ndikuwaposa.

Anthu kuno amakukumbukirani ngati munthu woopa madzi, ndipo sanama. Chipitireni mng'ono wanu Vitus ndi mtsinje wa Bua, muli anyamata mukuolotsa ng'ombe, simunapondenso mumtsinje. Ana athu awiri, Ruth ndi Stefano, anakula osadziwa kusambira. Chitsime cha kudimba munachitchinga ndi minga. Mgolo wa madzi pakhomo unkakhala wovundikira, mwala uli pamwamba. Mvula ikagwa yambiri munkasiya khasu n'kuwaperekeza kusukulu mpaka aoloke kamtsinje ka panjira. Sindinkakutsutsani, chifukwa ndinkadziwa chimene maso anu anaona.

Ndiye Stefano atabwera ndi ganizo loti tikaone makolo a Rozi, ndiponso kuti ana awo, Tionge ndi Eneya, akadziwe kwawo kwa mayi awo, munavomera chifukwa cha ulemu basi. Njira yonse ana ankaimba mpaka mawu kusasa. Titadutsa Mulanje ndi paboda, minda ya chimanga inayamba kuchepa, mitengo ya kokonati kuchuluka. Inu maso pawindo, kufunsa kuti kodi anthu amenewa amalima pati, mizere yawo ili kuti.

Koma mudzi uja, ayi ndithu! Palibe belu, palibe wofunsa nthawi. Munthu umadzuka pamene maso atseguka okha. Nyumba zili pamchenga, mphepo ikulowa khomo ili n'kutulukira linalo. Amayi a Rozi anatiphikira mpunga wa kokonati ndi nkhanu. Munayang'ana m'mbale n'kunena kuti inu simudya chinthu choyenda cham'mbali ngati woledzera, koma mbaleyo inabwerera kukhitchini yoyera, ndipo yachiwiri munaipempha nokha. Eneya, amene nthawiyo anali kamwana kongoyamba kumene kulongolola, analawa madzi a m'nyanja n'kulavula, n'kufunsa kuti ndani wathira mchere wonsewu, amayi ake amukalipire. Ine ndinayesa kuchapa chitenje m'madzi omwewo. Sopo osachita thovu, ndipo chitauma chinali ngati chikopa cha mbuzi.

M'mawa mwake munachita zimene munkachita kudimba poyesa chitsime. Munatenga ndodo yanu n'kuizika pamene madzi ankalekezera, n'kulamula kuti mwana aliyense asapitirire pamenepo. Stefano anali atapita kutauni kukamatitsa tayala, abambo a Rozi ali pamadzi ndi ngalawa. Rozi anaona zimene mukuchita, koma mwambo wa kwathu anali atauphunzira bwino. Mpongozi sangakuimeni pamaso n'kukuuzani kuti mwalakwa. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti madzi a kwawo amayenda, amapita n'kubwerako tsiku lililonse. Ine ndinakuuzani. Inu munati akazi tapangana kuseka nkhalamba, madzi osakhala mtsinje angayende kupita kuti, mu Ogasiti, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe.

Pasanapite nthawi ndodo inali yokha pamchenga wouma, madzi ali uko. Ana anayamba kudandaula kuti mwawabisira nyanja. Munamukalipira Tionge kuti ndiye wasuntha ndodo, iye n'kulumbira mpaka misozi. Munaizula n'kukaizika kutsogolo. Madzi anathawanso. Munaizulanso. Munaitsatira nyanja ija m'mawa wonse ngati mukulondola mbuzi yosokera, uku mukupukusa mutu kuti anthu awa ali pamavuto, nyanja ikuwaphwera ngati dambo la mu Okutobala ndipo iwo alibe nazo ntchito.

Dzuwa litakwera, Rozi anapita ndi Tionge kunyumba kukatenga kokonati woti timwe, akuganiza kuti Eneya ali ndi ine. Ine ndinali kumtunda, ndikuyanika zovala. Inu munamuuza Eneya kuti azisewera pandodo pomwepo, asapitirire komanso asachokepo. Munakhala pamchenga chapafupi, chipewa kumaso, kamphepo kaja n'kukunyengani. Chinakudzutsani ndi madzi atalowa m'nsapato. Nyanja inali itabwerera mwakachetechete. Eneya anali chiimire, atagwira ndodo ndi manja onse awiri, madzi atamufika m'mimba, osalira, osaitana, chifukwa agogo anati asachokepo.

Ndinaona ndi maso angawa, a Mbewe. Munthu amene kuyambira unyamata simunaponde madzi oposa a m'beseni, munathamangira m'nyanja ndi nsapato, thalauza ndi jekete. Munamunyamula mwana n'kumuika paphewa. Funde linabwera n'kukukhazikani pansi, phwatha! Koma mutadzuka, madziwo anali a m'maondo mwanu chabe, Eneya atakugwirani makutu, akuseka kuti agogo chitaninso. Munayang'ana maondo anu, munayang'ana mwana, kenaka munaseka kuseka kumene sindinakumvepo chikwatiranireni. Ndodo inali itapita, ndipo simunaifunse.

Rozi anafika akuthamanga, mpweya uli m'mwamba. Inu amene munali musanamuyang'anepo kumaso, munamuitana pamaso pa anthu onse n'kunena kuti, "Apongozi, ana awa aphunzitseni madzi a kwanu. Njira yanga ikanatha kundiphera mdzukulu." Mtsikana uja anagwada pamchenga wonyowa, osadziwa kuti aseke kapena alire.

Masiku otsalawo anali a ana. Rozi ankamugoneka Tionge chagada pazikhatho zake, n'kumachotsa dzanja pang'onopang'ono mpaka mwana kuyandama yekha. Eneya ankapalasa ngati kagalu. Anaphunzira kuyang'ana mchenga n'kudziwa ngati madzi akupita kapena akubwera, ndipo ankabwera kudzakuphunzitsani inu. Kuvula malaya kwa apongozi munakana, ndiye munkakhala m'madzi osaya mutavala zonse, ana akukukwirirani miyendo. Anthu a m'mudzimo ankabwera kudzaonerera. Amayi a Rozi ankati chibadwire sanaonepo munthu wochapa zovala ali momwemo. Chithunzichi Stefano anajambula masiku amenewo. Masana tinkagona pamthunzi, ana atatopa ngati alima, matumba a malaya awo atadzaza zigoba zimene zinanunkhitsa galimoto njira yonse yobwerera.

M'galimotomo ndimo munandiuza kuti chaka chamawa ndi cha ana a Ruth. Iye sanapite nafe chifukwa anali ndi pakati pa Thandiwe, ndipo Chisomo, mwana wake woyamba, anali akadali wakumsana. Munati mukawatengera nokha kunyanja. Koma matenda anabwera ndi mvula, ndipo mtedza wa chaka chimenecho tinakolola inu muli pamphasa. Mu Ogasiti munapita.

Pakhomo pano mukusowa. Stefano mpaka lero sakhala pampando wanu. Amaukoka n'kuuika bwino, iye n'kukhala pa benchi. Rozi akaphika mpunga wa kokonati amatchula za mbale yachiwiri ija munaipempha nokha. Tionge ndi namwali tsopano, ndipo amanenabe kuti ndodo ija sanasunthe ndiye. Eneya amauza anzake kusukulu kuti agogo ake anamenyana ndi nyanja n'kupambana. Anzanu a kumphakati amafunsa kuti adzawayambitsira nyimbo molakwika ndani. Za ine musafunse, mukudziwa kuti sindikonda kulira pagulu.

Koma amene mwamusiyira katundu wolemera ndi Ruth. Pa nkhani yonse ija iye anamvapo chimodzi, choti Eneya madzi anamufika m'mimba. Lamulo lanu loyamba analigwira kuposa malamulo khumi. Chisomo ndi Thandiwe saloledwa kufika kudimba. Mvula ikadzaza pabwalo amawatsekera m'nyumba, anzawo akusewera panja. Ndikamuuza kuti bambo ako anasintha maganizo, amati mayi mukuwanamizira chifukwa sangathe kuyankha. Komatu Chisomo wayamba sukulu, ndipo dzinja lililonse amaoloka kamtsinje kaja inu munkaperekezapo amayi ake. Woperekeza kulibenso. Atati waterereka lero, sadziwa chochita ndi manja ake. Chimenechi ndicho chimandidzutsa ine, osati maloto.

Ndiye ndinamukhazika pansi Ruth. Ndinamuuza kuti miyendo yanga siilonjeza ulendo wina wautali ukatha uno, kuti ana ake sindingawabe, komanso kuti sindimupempha kawiri. Anadzuka n'kupita kwake. Masabata anadutsa. Tikakumana kutchalitchi, moni yekha. Ine ndinali nditayamba kale kukonza mawu oti ndidzakuuzeni kuti ndalephera.

Dzana madzulo Ruth anatulukira kuchokera kumsika wa Kamwendo, jumbo ili m'manja. Anaiika pamwamba pa chikwama changa, n'kufunsa ngati nkhuku ndazitsekera, n'kumapita. Mukundidziwa, sindinadikire kuti afike ndi pamsewu pomwe. M'jumbomo munali makabudula a pakaunjika. Kena ka Chisomo, kena kakang'ono ka Thandiwe. Pansi penipeni panali wachitatu, wautali wofika m'maondo, ndipo saizi yake ndi ya Ruth mwini wake, mwana wanu wamkulu, amene ali ndi imvi kale koma sanayambe waponda m'madzi. Sindinamufunse kanthu, ndipo sindimufunsa. Rozi ndamuuza kuti akonze manja, ophunzira achuluka.

Tinyamuka Lolemba, bambo a Ruth. Mwana wanu ndikamugwira dzanja ndine, mpaka madzi amufike m'maondo.

Kumtunda kuno ngakhale m'madzi, sitidzakuiwalani.

Ine mkazi wanu Keziya Nabanda, pamodzi ndi Ruth, Stefano, Rozi ndi adzukulu anu onse.