Phazi kuseri kwa katani

Lolemba, 9 Sepitembala

Chidendene chayambanso. Kuponda koyamba m'mawa ngati ndaponda msomali. Ndikayendayenda chimaleka, ndikakhala pansi n'kudzuka, chabwerera. Kuchipatala anati palibe minga, ndi mtsempha wa kunsi kwa phazi, uzisisitidwa tsiku lililonse. Andisisite ndani? Prisca mimba yafika pakhosi. Ndipo sabata yamawa akupita kuchidikiro ku Mua, womudikirira ndine. Mwana mmodzi yemweyo, mimba yoyamba.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Prisca wayesa. Amagwira phazi ngati akusankha tomato wakupsa. Mwamuna wake Onani anali kuseri kwa mpanda, akukonza njinga yake ya kabaza, n'kumakuwa: "Uwauze akokere zala kumwamba. Iwe kanikiza ndi chala chachikulu, kuchokera kuchidendene." Prisca n'kumandibwerezera ngati ndine gonthi.

Akuti naye Onani linamugwirapo vutoli, anamuphunzitsa kusisita kuchipatala. Ndiye wodziwa alipo, pakhomo pomwe pano, akudya chimanga changa. Koma mkamwini kugwira phazi la apongozi? Chibwerereni pamudzi pano sitinayang'ananepo m'maso. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Mai Esther a kuseri kuno abwera ndi lezala. Ati ndinaponda mankhwala kudimba, anditeme mphini. Ndawauza kuti ululu umene ndili nawowu wandikwana, sindikufuna woonjezera. Apita atakwiya.

Onani watumiza chitsononkho kudzera mwa mkazi wake, ati ndizichigubuduza ndi phazi. Chikuthandizako pang'ono. Munthu wamkulu ine, kusewera ndi chitsononkho pakhonde.

Loweruka, 14 Sepitembala

Asewere, amake Onani, atulukira kuchokera ku Golomoti osaitanidwa. Andiona ndikutsimphina. "Musadzivute asewere, kuchidikiro ndipita ndine. Kumene kuja n'kotunga madzi ndi kusaka nkhuni, sikofuna odwala awiri."

Ndinaseka nawo, koma mtima unandiwawa kuposa phazi. Si munthu woipa ayi. Koma sakumudziwa Prisca. Mwana ameneyu akamva ululu sanena, amangokhala duu n'kumaluma mlomo. Ali wamng'ono anatsala pang'ono kutisiya ndi malungo akuti "ndili bwino." Amene sakudziwa nkhope yake adzadikira mpaka zitavuta.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Kutchalitchi sindinafike. Ndabwerera pamlatho.

Lolemba, 16 Sepitembala

Prisca wandipeza ndikulimbana ndi chitsononkho, wangoti, "Amayi, ine ndikufuna inu." Kenako misozi.

Basi ndati kamuitane mwamuna wako.

Tachita chonchi: ine m'nyumba pampando, katani wa pakhomo wotsitsa, phazi lokha kunja. Iye pakhonde. Prisca pakati, wotanthauzira. Manyazi ake! Onani anapaka mafuta, n'kuyamba kukanikiza kuchokera kuchidendene kupita kuzala, pang'onopang'ono. Atafika penipeni pamene pamabaya, ndinakuwa mayo.

"Uwafunse ngati ndisiye."

Prisca asanatsegule pakamwa, ndinayankha ndekha: "Musasiye bambo, ndi pomwepo."

Zii. Ngakhale Prisca anasowa chotanthauzira.

Lachitatu, 18 Sepitembala

M'mawa ndi madzulo, phazi kunja kwa katani. Amasisitanso katumba, akuti zonsezi n'zolumikizana. Wandiletsa kuyenda chopanda nsapato, wandiletsanso mapatapata anga akutha aja. Mkamwini wayamba kundilamula tsopano.

Mai Esther anadutsa, anaona, anagwira pakamwa. Pofika masana nkhani inali itafika kumjigo. Alankhule. Akatopa akagona.

Lachisanu, 20 Sepitembala, ku Mua

Ndadzuka n'kuponda pansi osagwira khoma. Ululu ulipo, koma wopiririka. Asewere ndawatumizira uthenga kuti adzabwere kudzaona mdzukulu akabadwa.

Prisca ananyamulidwa ndi mnzake wa Onani. Ine ndinati ndiyenda wapansi mpaka kumsewu, ndikakwere minibasi. Onani anaimitsa njinga patsogolo panga, maso pansi.

"Amayi, kwerani. Phazi limenelo ndalivutikira."

Ndinakwera chammbali, manja pamiyendo, ngati mlendo. Pachitunda chokwera kumishoni njinga inadumpha mwala, ndinamugwira malaya kumsana. Sindinasiye mpaka pageti.