Kalata Yondikana Ija Ndaiwerenga

Wenya, Chitipa
14 Juni 2012

Asibweni,

Monire. Kuno tili bwino, mwendo wa amayi wayamba kupola.

Mtsikana amene koleji yanu yatumiza kudzayeserera uphunzitsi kumkombaphala kwathu anafika. Tsiku loyamba lomwelo analetsa ana kulankhula Chitumbuka, akuti mabuku anu amafuna Chingerezi. Lachitatu kamwana ka a Lazarus, ka zaka zinayi, kanadzikodzera kali chiimire chifukwa sikanadziwe kupempha kupita kuseri m'Chingerezi. Anzake anakaseka, ndipo mpaka lero kakukana kubwera. Amene anachapa kabudulayo ndine, osati mabuku anuwo.

Zaka khumi ndi ziwiri ndaphunzitsa ana a mudzi uno m'chisakasa cha udzu. Koma nditapempha malo pa maphunziro a uphunzitsi omwewo, kolejiyo yandiyankha kuti ndilibe satifiketi ya Fomu 4. Chabwino. Nanga anandisiyitsa sukulu ndili Fomu 2 kuti ndikamulerere ana kutauni ndani?

Siginecha ya pansi pa kalata yondikanayo ndaizindikira. Amayi sindinawauze. Tsiku lililonse akumafunsa ngati inu mlongo wawo mwayankha.

Mundiperekere moni kwa madigiri anu atatu aja, ana amene ndinawabereka kumsana.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Temwa