Wisiki wa Pachilumba wa a Japhet

Okondedwa asuweni a Rozina,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kutsidya kwa nyanja, ku Govanhill, ndachita manyazi. Amuna anu a Japhet anandibweretsera wisiki wa kufakitale ya pachilumba kumene amagwira ntchito, ine n'kuthiramo Fanta. Anatsala pang'ono kulira. Akuti fakitaleyo yatha zaka mazana awiri, chimera chake amafukiza ndi utsi wa dothi la m'dambo, ndipo mowawo umagona m'migolo zaka khumi ndi ziwiri. "Chodikira chimakoma, alamu," anatero. Ndiye limbani mtima, inu mwangowadikira zaka zisanu ndi zinayi zokha.

Za tikiti yanu ya ndege yoti mubwere kuno sanatchule. Anakhalitsa mpaka mayi wina wapathupi, amene anamusiya m'galimoto, anaimba hutala kachitatu. Apo m'pamene ananyamuka, mothamanga.

Ndatha ine msuweni wanu,
Atusaye