Apongozi anga ali pa perete wanga

Aphungu,

Kalatayi yakhala m'thumba la yunifolomu masiku anayi, lero ndati basi ipite. Chichewa changa mundikhululukire, ife a kuno tinachitola kusukulu ndi pamsika.

Ndine mayi wa ana atatu. Ndinalowa ntchito ya ulonda pa kampani ina kuno ku Chitipa Boma zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Akazi tinalipo awiri okha, ine ndi Esnat, ndipo odutsa pa geti ankatiseka kuti, "Mbava ikabwera mudzaimenya ndi mthiko?" Esnat anatopa n'kusiya. Ine ndinapirira fumbi, mphepo ndi pakamwa pa anthu. Mu Januwale anandikweza kukhala supavaiza wa alonda khumi ndi anayi a masana. Sindibisa, ndinalira ndi chimwemwe.

Vuto ndi lakuti mmodzi mwa alondawo ndi apongozi anga, bambo ake enieni a mwamuna wanga Oliver. Kwathu ku Kaseye mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sawayang'ana apongozi aamuna m'maso, satchula dzina lawo, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka n'kugwada chapatali. Chikwatiwire dzinalo silinatulukepo pakamwa panga, ngakhale m'kalata muno simulipeza. Kale tinkalondera malo osiyana, ndiye sizinkavuta.

Tsopano m'mawa uliwonse kuli perete. Ndimaima kutsogolo nditavala thalauza, kuitana mayina, kuyang'ana nsapato, lamba ndi ndodo, aliyense n'kundichitira sawatcha. Ndikafika pa iwo ndimangodumpha, maso pansi. Iwonso amayang'ana kumbali.

Mvula itayamba, apongozi anayamba kuchoka masana pa geti la nyumba yosungiramo mbewu ndi feteleza, kupalasa njinga kukaona kamunda kamene anabwereka pafupi ndi Boma. Kawiri konse ndapeza geti lili lokha. M'buku lolembamo zochitika sindinalembemo, dzanja linakana. Sabata yatha mlonda wina, Foster, anachedwa pang'ono ndipo ndinamulemba. Anandifunsa pamaso pa onse kuti, "Madamu, bukuli limaona anthu ena okha eti?"

Nkhani yafika kwa amanijala. Anati, "Lachisanu ndipeze lipoti pa tebulo. Ngati simungathe nenani, ofuna udindowu alipo ambiri." Kunyumba Oliver akuti, "Ukawalemba adada, ku Kaseye udzapondako ndi mapazi ati?"

Ndikalemba, ndachititsa manyazi nyumba imene inandilandira. Ndikapanda kulemba, udindo wapita, ndipo aja ankandiseka adzati tinanena kale. Ndichite chiyani?

T.N., Chitipa

Mayi T.N.,

Lembani lipotilo. Ndayamba ndi zimenezi kuti musavutike kuzifunafuna m'munsimu.

Koma muyambe ndi dzina lanu. Foster anafunsa mwachipongwe, komabe funso lake ndi loona, ndipo inu mukudziwa. Lembani kuti kawiri munapeza geti lopanda munthu, simunalembe m'buku, ndipo chifukwa chake n'chakuti mlondayo ndi apongozi anu. Amanijala azimve zimenezi kwa inu, asamve kwa anyamata. M'lipoti momwemo pemphani kuti bambowo awasamutsire kwa supavaiza wina. Izi munayenera kuzinena mu Januwale muja, tsiku lomwe munaona ndandanda wa alonda anu. Mwachedwa, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Lachisanu lisanafike, kwerani kabaza mupite ku Kaseye. Ine mwambo wanu sindiunyoza. Ndikungoona kuti mwagwira mbali yake imodzi yokha, ya kukhala chete, pamene mwambo womwewo uli ndi njira yofikitsira mawu kwa munthu amene sungamuyang'ane m'maso. Mkamwana amatuma. Pezani azakhali a Oliver kapena apongozi anu aakazi, valani chitenje chanu, khalani pamene mumakhala nthawi zonse, mawu adutse mwa iwo. Mawuwo akhale ochepa: ntchito yandikakamiza kulemba, ndalemba za ine ndemwe poyamba, ndipo ndapempha kuti musamaime pa perete wanga. Munthu wamkulu amapirira chenjezo la ku ofesi, koma kumva nkhani yake koyamba pamaso pa ana, chimenecho ndiye sachiiwala.

Oliver naye asangokhala pa mpando kumakuwerengerani mapazi. Bambo ndi ake, iye mwambo sumuletsa kuwayang'ana m'maso. Akuperekezeni, ndipo akawafunse yekha chifukwa chake akusiya geti.

Mwawaganizirapo bambowo? Mukuyesa iwo zimawakomera kuima pa mzere m'mawa uliwonse, mkamwana ali kutsogolo, anyamata akuonerera ngati achite sawatcha kapena ayi? Sindingadabwe nditamva kuti kamunda kaja n'kothawirako inu. Kusamutsidwa kungawapepukire kuposa mmene mukuganizira. Podikira zimenezo, poti mlonda aliyense ali ndi nambala yake, itanani manambala pa perete, kwa onse khumi ndi anayi. Mukatero simutchula dzina loletsedwa, komanso simudumpha munthu.

Sindikunamizani kuti kumudzi akakuomberani m'manja. Mwina kwa miyezi ingapo moni wanu adzauyankha mwa mphwayi. Zimenezo zimapola. Udindo ukachoka m'manja mwa mkazi woyamba kuugwira, wachiwiri amadikira zaka, ndipo alipo atsikana pa mageti a Chitipa amene akuyang'ana kuti inu zikuthereni bwanji.

Chenjezo langa ndi ili. Musayerekeze kubwerera m'masamba akale a bukulo kukalowetsamo zimene simunalembe pa tsiku lake, chifukwa amene wabisa cholakwa amatha kumukhululukira, koma amene wanamiza buku amamuchotsa ntchito. Ndipo musadzinamize kuti kukhala chete n'kuwateteza apongozi anu. Lero nkhaniyi ingathe ndi chenjezo lokha. Tsiku limene matumba a feteleza adzatulukire pa geti lopanda munthu, odzawatenga bambowo adzakhala apolisi, ndipo anthu a ku Kaseye omwe mukuwaopawo ndiwo adzayambe kukufunsani kuti, "Inu munkaona, bwanji simunanene?"

Aphungu