Nyama ya Nkhosa Kulibe Chaka Chino

Achimwene a Tróndur,

Ndikhulupirira muli bwino ku Copenhagen komweko, m'nyumba zanu zofundazo. Kalata yanu yopempha nyama youma yafika, ngakhale yachedwa milungu itatu chifukwa boti likumalephera kukocheza pachilumba pano.

Nyamayo kulibe. Tinapachika nkhosa khumi m'chisakasa chija bambo anamanga moyang'ana mphepo yakumpoto, yozizira ndi youma. Zaka zino mphepo ikungochokera kummwera, yonyowa ngati mpweya wa ng'ombe. Nyama yonse yaola, ngakhale galu akuikana. Mafunde nawo tsopano akumafika pakhomo pa tchalitchi, pomwe tinkasewera tili ana.

Amayi akupereka moni ali pabedi. Adokotala abwerera panyanja kawiri, osatsika n'komwe m'boti. Dzulo amayi anandifunsa kuti, "Rannvá, kodi Tróndur wafunsa za ine?" Ndinati eya. Anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Iwe bodza sulitha. Wafunsa za nyama ameneyo."

Mphepo ikangoleka mubwere, musadikire nyengo yotentha. Kodi jekete lanu lakuda la kumaliro lija likukukwananibe?

Ndine mlongo wanu,
Rannvá