Naomi Sabatizidwa Pabango

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nkhotakotako. Ife kuno ku Mbamba Bay tilipo, chinangwa chachita bwino.

Mwina mwamva kuti ndakangana ndi abusa. N'zoona. Mwezi watha ndinkapalasira bwato akatswiri ofufuza nkhono, ndipo anandilola kusuzumira m'makina awo okulitsa zinthu. Asuweni, ndinaona ndi maso angawa tizilombo ta michira yamphanda tikutuluka m'nkhono. Anati tina timagwira mbalame zokha, tina n'ta likodzo la anthu. Ta likodzoto tinachokera pabango pomwe mpingo wathu umabatizira.

Ndiye ndakana kuti mwana wanga Naomi, amene ali pafupi kukwatiwa, amizidwe pamenepo. Abusa anandifunsa kuti, "Bambo a Naomi, kodi Mzimu Woyera angaope nkhono?" Ndinawayankha kuti Mzimu alibe chikhodzodzo.

Abusawo akuti popanda ubatizo ukwati wake sadalitsa, ndipo Naomi sakundilankhula. Za mayi ake, amene amachapa pabango pomwepo, ndidzakuuzani pamaso. Kuchipatala tapita nawo kale.

Ndabwereka mgolo, ndautsuka bwinobwino, ndathiramo madzi a pamjigo. Abusa akafuna ammize Naomi m'menemo. Akakana, ukwatiwo udikire.

Ndine msuweni wanu,
Wyson