Matiresi Amene Simunagonepo

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ife kuno ku Yofu tilipo. Ndafika dzana, ndipo ndikulemba ndili pakhonde panu. Mpongozi wanu, akazi a achimwene a Matiya, anabereka mwana wamkazi mwezi watha. Amutcha dzina lanu, ndipo pakamwa watengeradi inu, akayamba kulira amamveka mpaka kunyanja. Chinangwa cha m'munda mwanu chachita bwino, kungoti mbuzi zagwetsanso mpanda uja. Usipa ndiye wasowa.

Ndikungozungulira, Amayi. Nkhani ndi yakuti ulendo uno ndabwera pa ndege. Kandege komwe kaja munkati ntchito yake ndi kubweretsa azungu ndi kutibalalitsira nkhuku. Ponyamuka ku Lilongwe ndinayang'ana wotchi. Ola limodzi lisanakwane n'komwe, tinali titatera pa Likoma. Anzanga a m'ndegemo ankajambula milambe pawindo, ine misozi ili chuchuchu. Mayi wina wachizungu anandigwira dzanja poganiza kuti ndi mantha.

Sanali mantha ayi. Chaka chatha, tsiku limene achimwene anaimba foni kuti mwafooka, abwana anga, aja amakonzera alendo maulendo, anandiuza kuti m'mawa mwake ndege ili ndi mpando wopanda munthu, ndikwere. Koma ndege yaing'ono imalola kachikwama kamodzi basi. Ine ndinali nditakugulirani matiresi, popeza munkadandaula kuti mphasa ikukupwetekani m'chiuno. Panalinso shuga, sopo ndi zitenje ziwiri. Ndinadzifunsa kuti mwana wa kutauni angafike bwanji chimanjamanja kwa mayi ake odwala, anthu a m'mudzi muno akuona? Mpando uja ndinaukana.

Ndinakwera basi mpaka ku Nkhata Bay. Kumeneko mwera unavuta, sitima inachedwa. Masiku atatu ndinali padoko, nditakhalira matiresi omwewo. Nditatsika pano ndinapeza mutaikidwa dzulo lake, nkhata za maluwa zisanafote.

Chikhalirecho munkandiuza nthawi zonse pafoni: "Iwe Esitere, ungobwera. Katunduyo ndicheza naye?" Ndinkaseka, ndinkayesa ndi zolankhula za amayi chabe. Dzana lija, nditaona kufupika kwa njira, ndinazindikira kuti ndikanakupezani muli maso, mwina mpaka kukumwetsani phala. Sikunali kutalika kwa nyanja kumene kunandichedwetsa. Kunali kufuna kuoneka kwanga, ndipo zikundipweteka, Amayi.

Pali chinanso chimene simukuchidziwa, kapena kumeneko mumaona zonse. Achimwene atandifunsa, ndinawanamiza kuti ndege inali yodzaza. Mpaka lero amandimvera chisoni. Amauza anthu kutchalitchi kuti mlongo wawo anayesetsa koma mwayi unamukana. Munthu amene anakuberekani kumsana kuchoka kuno mpaka kuchipatala, ndiye akupepesa ine. Akamatero ndimasowa poyang'ana.

Mawa m'mawa tikupita awiri, ine ndi achimwene, kukalambula pamanda panu. Ndiwauza pomwepo, inu mukumva, chifukwa pamaso panu sindinathepo kunama. Akakwiya akwiye, akandithamangitsa pakhomo pano ndichoka, koma bodza ili sindibwerera nalo ku Lilongwe. Ndalonjeza.

Mundikhululukire, Amayi. Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu wochedwa uja,
Esitere